Pikapu ikudontha dizilo, makaniko akuti pampu yatha

Mwini_Pikapu:
Akuluakulu thandizeni maganizo. Ndili ndi pikapu ya dizilo, injini yakale ija yopanda kompyuta, pampu yake yokankhira dizilo ku ma injekita ndi ya mtundu wa rotary. Ikumasiya dontho pansi ndikaimika usiku, m'mawa ndimapeza panyowa cha kutsogolo mbali yomwe kuli pampu, si dziwe ayi koma kachigamba ndithu kooneka. Fungo la dizilo limalowa mpaka mkati ndikayatsa fani. Chinanso m'mawa ikuvuta kulira, sitata imazungulira nthawi yaitali mpaka batire kuyamba kufooka, koma ikangolira basi tsiku lonse palibe vuto. Makaniko yemwe ndinamuonetsa anangosuzumira, kukhudza pampu ndi chala nkunena kuti yatha, ichotsedwe ipite ku bench, kuja amayesera ndi kukonza mapampu. Ine mtima ukukana chifukwa mphamvu ilipo yonse, utsi palibe. Kodi pampu yakutha imakoka chonchi?

Kadziwotche:
Gulitsani mugule ya petulo muzigona tulo kkkk

SipanalaYa17:
Achimwene musachotsetse pampu kaye. Pampu kunyowa sizitanthauza kuti ndiyo ikudontha. Pa injini zambiri zamtunduwu pampu imakhala m'munsi mwa ma injekita ndi fyuluta ndiye chilichonse chochucha kumwambako chimatsikira pa iyo, kenako fani ndi mphepo yapamsewu zimamwaza paliponse mpaka simudziwanso kuti zayambira pati. Pangani chonchi, injini ili yozizira tsukani mbali yonseyo ndi degreaser kapena brake cleaner, muumitse pasatsale ponyowa ngakhale pamodzi. Kenako wazani paudala, wa ana yemweyu amagwira, pa timapaipi tolumikiza ma injekita, pamutu pa fyuluta, pa ma banjo onse (polumikizira mapaipi pomangidwa ndi bawuti yobooka paja) ndi pachivundikiro cha pampu. Lizani injini muisiye pa idle, inu tochi m'manja. Pomwe paudala wayamba kuda ndi pomwepo. Ndipo muzifuna ponyowa papamwamba penipeni, dizilo sakwera, amangotsika.

Mkango92:
Ine ndikubetcha ndi ma leak off, obweza dizilo wotsala pa ma injekita. Timapaipi ta labala tokutidwa ndi ulusi tija, timakhala pamoto tsiku ndi tsiku, labala imauma nkung'aluka kunsonga komwe imalowa pa injekita. Ulusi wakunjawo umabisa mng'alu, umangoona paipi yada yanyowa basi. Ndipo pa injekita yomaliza ena amakhala ndi kachipewa ka labala kotsekera, nako kamaphulika.

Mwini_Pikapu:
@Mkango92 yanga kumeneko ili ndi paipi yachitsulo yodutsa ma injekita onse, labala ili kumapeto kokha kobwerera ku pampu

Mkango92:
Ok ndiye onani mawasha pansi pa paipi yachitsuloyo ndi labala ya kumapetoko. Nkhani ndi imodzimodzi

Gogo_Injini:
Ana inu mwathamangira dontho nonse, mwasiya mawu ofunika omwe mwini galimoto wanena. Akuti m'mawa ikuvuta kulira koma ikalira ilibe vuto. Umenewo ndi mpweya. Usiku injini ikaima, penapake pakulowa mpweya ndipo dizilo yemwe anali mu fyuluta ndi m'mapaipi akubwerera ku thanki, m'mawa pampu iyambe kaye yakoka kuchokera kutali musanamve kulira. Tsono chovuta nchakuti kuchokera ku thanki kufika pa pampu, pa injini zakalezi dizilo amachita kukokedwa, sakankhidwa. Pobooka pakakhala mbali imeneyi nthawi zambiri sipadontha nkomwe, pamangoyamwa mpweya, mutha kuwaza paudala mpaka botolo kutha osaona kanthu. Mwina muli ndi matenda awiri mwanawe. Mawa musanalize, popani kapampu kapamanja kali pamutu pa fyuluta kaja. Kakakhala kofewa, popani mpaka kalimbe, mukatero lizani. Ikalira kamodzi nkamodzi mwaugwira mpweya. Mukafuna kuuona ndi maso, ikani kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, muona timathovu tikudutsa.

SipanalaYa17:
Madala mwanena zoona, ine ndinalumpha pamenepo. Koma return, paipi yobweza dizilo wotsala ku thanki, nayo ikang'aluka imalowetsa mpweya usiku, ndiye zitha kukhalanso kuti bowo ndi limodzi lomwelo, masana likudontha usiku likuyamwa

Gogo_Injini:
Zimatheka. Nchifukwa chake ayese kaye asanagule kanthu.

Che_Turbo:
Zonsezi nzotalika. Lizani injini, yendetsani dzanja pa mapaipi achitsulo aja opita ku ma injekita, pomwe pakutuluka mumva pakhungu pompo

Namwino_wa_usiku:
@Che_Turbo chonde fufutani zimenezo wina asanayesere. Ine za injini sindilowerera koma bala la zimenezi ndimalidziwa. Mafuta otuluka pa kabowo kakang'ono ndi presha yaikulu amaboola khungu nkulowa mkati. Kunja mumangoona kadontho ngati mwalasidwa ndi singano, poyamba sipawawanso kwenikweni ndiye munthu amapukuta nkupitiriza ntchito. Mkatimo mafuta amayenda motsata minyewa ya chala mpaka m'chikhatho, chala chimatupa, mnofu umayamba kufa. Mankhwala ake ndi opaleshoni yotsegula nkutsuka, mwachangu, tsiku lomwelo. Ochedwa ambiri amadulidwa chala. Ndipo magolovesi sateteza. Wina zikamuchitikira apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo akanene momveka kuti ndi dizilo wa presha walowa pakhungu, asangoti ndadzibaya.

Che_Turbo:
Ine ndapanga zimenezi zaka zambiri zala zanga zonse zilipo

SipanalaYa17:
Zilipo chifukwa simunakumane ndi paipi yong'aluka amwene. Injekita ya injini yakale imatseguka pa presha yopitirira 100 bar, ya common rail (injini zatsopano za kompyuta zija) mu rail, paipi imodzi yodyetsa ma injekita onse, mumafika 1,600 mpaka 2,000 bar, zatsopano zina kuposa apo. Tayala la pikapu yomweyo mumapopa mwina 2.5 bar. Werengani nokha. Mukafuna kufufuza mbali ya presha gwirani chidutswa cha katoni ndi pulayala, muyendetse pafupi ndi paipi, chikanyowa mwapeza. Magalasi kumaso.

Dalaivala_Wa_D4:
Poti mwatchula common rail ndifunseko. Yanga sikudontha pansi koma pozungulira injekita imodzi pali zinthu zakuda zolimba ngati phula, ndipo ikamalira pamamveka tsi tsi tsi, fungo la utsi mkati. Nayonso ndi dizilo ameneyu?

Makaniko_Weniweni:
Ayi bwana imeneyo ndi washa ya kopa yomwe imakhala pansi pa injekita, pomwe yakhazikika mu cylinder head. Ikasiya kugwira, moto wa mu cylinder umapita m'mbali mwa injekita, mwaye ndi mafuta osapsa zimaunjikana nkuuma, ndi phula mukuonalo. Musazisiye. Zikachuluka injekita imamatirira, kuichotsa imakhala nkhondo, ndipo pa injini zomwe ma injekita ali mkati mwa tappet cover mwayewo umalowa mu oyilo nkukatseka sefa yokokera oyilo mu sump, injini imafa ndi njala ya oyilo. Achotse, atsuke mpando wake bwinobwino, washa yatsopano, amange ndi torque wrench. Ndipo mapaipi a presha a common rail opanga ambiri amati ukamasula uike atsopano, chifukwa nsonga yake imaphwanyika pang'ono pomanga koyamba kuti igwire, kachiwiri sigwiranso chimodzimodzi.

Kadziwotche:
Mwaona? Common rail ndi chipatala choyenda. Yakale ija umakonza ndi sipanala ziwiri pansi pa mtengo

Dalaivala_Wa_D4:
Koma pa phiri ndimakudutsani ndili giya 4 inu mukufuka utsi pa 2 kkkk

Kadziwotche:
Mudutse, tikakupezani kutsogolo mwayatsa check engine mukudikira laputopu

Mkango92:
Zoona zake zonse zili ndi pake. Yatsopano imamwa pang'ono, phokoso lochepa, imakoka. Koma madzi pang'ono mu dizilo ma injekita apita. Yakale imapirira zambiri koma nayo yakalamba, ma seal onse ndi a zaka 20 kapena kuposa, lero wakonza apa mawa patuluka apo

Admin_2:
Anthuni za yakale ndi yatsopano tinakangana kale kwina, pano tithandize mwini pikapu

Mphwanga_J:
Pali njira yachidule. Thirani ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki uja, pang'ono mu thanki kapena oyilo wa 2 stroke, ma seal amafufuma dontho limasiya. Wina anandiuza ndipo akuti zinamuthandiza

Gogo_Injini:
Labala yong'aluka sifufuma nkudzisoka yokha mwanawe. Nkhani ya kufufumayi ili ndi pomwe inachokera, ndikuuzeni. Dizilo wakale anali ndi sulphur wambiri komanso zinthu zina zomwe zinkafufumitsa ma seal a labala ya nitrile. Mayiko atayamba kuyenga dizilo wa sulphur wochepa, zinthu zija zinachepa, ma seal okalamba omwe anazolowera kufufuma anafota, mapampu akale ambiri anayamba kuchucha nthawi imodzi. Mankhwala ake anali kusintha ma seal, ndipo ma kit abwino masiku ano amabwera ndi a Viton omwe sasamala zimenezo. ATF sanapangidwe kuti azipsa mu injini. Mu yakale mwina ipirira, mu common rail kapena ya DPF (sefa ya mwaye ya ku ekizosi) musayerekeze.

Mphwanga_J:
Chabwino madala ine ndimangonena zomwe ndinamva

MaiWaTransport:
Ine yanga inandizunguza mutu mosiyana. Imadontha pokhapokha ndikathira full tank, ikatsika kufika cha pa theka dontho limasiya lokha. Anyamata anasintha fyuluta, anasintha mapaipi a ku injini, zonse zosakhudzana. Tsiku lina ndinagona pansi ndekha ndi tochi nditangothira kumene, ndinaona mzere wonyowa ukutsika m'mbali mwa thanki kuchokera pamwamba, fumbi lonse la pathanki litasanduka matope akuda. Titatsitsa thanki tinapeza gasiketi ya pomwe pamalowa geji yaphwanyika, komanso paipi yaikulu ya pothirira inali ndi ming'alu pansi pa clamp. Ndiye bambo mwini pikapu, ngakhale dontho lanu lili kutsogolo, suzumiraninso kumbuyo, makamaka pansi pa malamba achitsulo ogwira thanki, pamenepo pamasunga matope ndi madzi dzimbiri limadya mwakachetechete. Mapaipi achitsulo oyenda m'mbali mwa chassis nawonso amaola pomwe agwidwa ndi ma clip, ndipo amenewo ndi a mbali yokoka yomwe agogo akunena.

Che_Turbo:
Thanki ikabooka ndi kungowotcherera, dizilo saphulika ngati petulo

Makaniko_Weniweni:
Che Turbo lero mwadzuka ndi cholinga chopha munthu eti? Dizilo wozizira inde sagwira moto msanga, amafuna atenthe kupitirira madigiri 50 kuti nthunzi yake iyake. Nanga moto wowotcherera ndi madigiri angati? Thanki yopanda kanthu ndiye yoopsa kwambiri chifukwa mwadzadza nthunzi ndi mpweya. Imeneyo ntchito ya anthu odziwa kuitsuka ndi kuichotsa nthunzi, apo ayi gulani ina. Chimodzimodzi dontho la ku injini, anthu amalipeputsa kuti dizilo sayaka, koma akamapopera pa manifold kapena turbo zomwe zimatentha madigiri mazanamazana galimoto imapsa ndithu.

Tsono ndiyankhepo za mnzanga yemwe mukumunena kuti anangokhudza ndi chala. Sindikumuikira kumbuyo, kunena kuti pampu yatha usanatsuke ndi ulesi. Koma musamachite ngati pampu sidontha. Ma rotary amtundu wa VE, kaya ya Bosch kaya zofanana nayo za Denso ndi Zexel, akakalamba amachucha malo odziwika: pa shaft ya throttle pamwamba, pa seal ya chivundikiro, pa tizivundikiro tiwiri ta m'mbali ta timing advance (kachipangizo kosintha nthawi yomwe dizilo amaponyedwa mu cylinder), pa O-ring yaikulu ya head kumbuyo komwe kumatuluka mapaipi, ndi pa seal ya kutsogolo kwa shaft. Ya kutsogoloyi ndiye yoipa chifukwa simuiona. Ngati pampu imayendetsedwa ndi lamba, dizilo amanyowetsa timing belt, lamba amafewa, tsiku lina mano amasosoka ma valve nkukumana ndi ma piston. Ngati imayendetsedwa ndi magiya, dizilo amathera mu oyilo. Ndiye bwana solola dipstick, ngati oyilo wakwera kuposa pomwe munathira, wapyapyala, akununkha dizilo, galimoto imeneyo isayende. Tsegulaninso chivundikiro chapamwamba cha timing muone ngati lamba ali wouma. Koma kuchucha ndi kutha ndi zinthu ziwiri, pampu yochucha imafuna ma seal basi.

Mwini_Pikapu:
Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Oyilo ali pa mzere wake sakununkha, lamba wouma, pamenepo mtima wakhala pansi. M'mawa ndinapopa kapampu kaja monga ananenera agogo, kanali kofewa ngati mulibe kanthu, nditapopa mpaka kulimba inalira kamodzi. Ndiye chodabwitsa, ndikupopa choncho chala changa chinanyowa, dizilo amatuluka m'mphepete mwa kabatani kakudako. Kenako ndinatsuka nkuwaza paudala. Pasanathe nthawi paudala anada pa banjo ya return pamwamba pa pampu, komanso paipi ya labala yochokera pamenepo nditaipinda pang'ono ndinaona ming'alu yambirimbiri. Pansi pa fyuluta pa kotulutsira madzi ndi pouma. Thanki ndayang'ana mayi, kuli bwino.

Gogo_Injini:
Ndi amenewo matenda awiri aja. Kapampu kapamanjako mkati muli diaphragm ndi timavalavu, diaphragm ikang'aluka ukamapopa imatulutsa dizilo, injini ikamakoka imayamwa mpweya. Ambiri samasuka kuti ukonze, mumasintha mutu wonse wa fyuluta. Poika fyuluta pakani dizilo pang'ono pa labala yake, mumange ndi dzanja, ndipo onetsetsani kuti O-ring ya sensa ya madzi pansipo yakhala bwino.

Mphwanga_J:
Pa banjo ingomangani kwambiri, kapena zungulizani thread tape ndi silikoni pang'ono

SipanalaYa17:
Ayi ayi. Bawuti ya banjo ndi yobooka mkati, ukaikakamiza imaduka ndipo chotsalira chimakhala mu pampu, pamenepo ndiye mupitadi ku bench. Ndipo banjo sigwira ndi ma thread, imagwira ndi mawasha awiri a kopa, ina pamwamba ina pansi. Tepi palibe chomwe ingachite koma kuduka tizidutswa nkulowa mu pampu. Silikoni wamba naye dizilo amamufewetsa. Gulani mawasha atsopano a saizi yake. China chofunika, bawuti ya return pa mapampu amenewa si wamba, imakhala yolembedwa OUT pamutu ndipo ili ndi kabowo kakang'ono kwambiri komwe kamasunga presha ya mkati mwa pampu, presha imeneyo ndi yomwe imayendetsa timing advance. Mukaisinthanitsa ndi ya kolowera kapena kuika bawuti ina iliyonse galimoto imakhala yaulesi nkumafuka. Bwezerani yomweyo.

Gogo_Injini:
Mawasha akasowa, akale omwewo otenthani pamoto mpaka afiire, muwasiye azizire kapena muwaponye m'madzi, kopa amafewanso nkugwira. Takhala tikuchita.

Makaniko_Weniweni:
Zimagwira madala, pamsewu usiku ndingachite. Koma washa yomwe yadindika kale mzere wakuya ngakhale muiotche imavuta, ndipo kanthu kake nkakang'ono, munthu ali pakhomo agule zatsopano. Paipinso bwana musatenge iliyonse yakuda. Ya madzi kapena ya vacuum dizilo amaifufumitsa nkuphotchoka pakangopita miyezi. Funani yolembedwa kuti ndi ya fuel, zambiri zimadindidwa SAE J30 m'mbali, ndipo tengani yakaleyo mukayerekeze kukula kwa bowo. Ma clamp musamange mpaka kudula labala.

Wa_Njinga_Yamoto:
Ine ndilibe pikapu, ndimangowerenga, koma ndipemphe nonse odontha dizilo mukonze msanga. Inu mumaona ngati kadontho, ife pa kona dizilo wapamsewu makamaka kukagwa kamvula ndi kugwa basi, tayala siligwira nkomwe

MaiWaTransport:
Zoona achimwene, makamaka ya full tank ija imakhavukira pa kona penipeni

Mwini_Pikapu:
Lipoti lachiwiri. Mutu wa fyuluta ndasintha, paipi ya return yatsopano, mawasha atsopano, bawuti ya OUT yomweyo ndabwezera. Ndinapopa mpaka kulimba, inalira, inagwedezeka pang'ono kenako nkukhazikika. M'mawa uno yalira kamodzi osapopa, katoni yomwe ndinayala pansi youma. Koma nditawazanso paudala ndaona kakunyowa pang'ono pamwamba pa pampu, pansi pa lever yomwe imakokedwa ndi kebulo ya accelerator, pomwe pali sipuling'i. Sipakudontha, pangoda chabe. Ndiye mwina makaniko uja sananame kwenikweni?

Makaniko_Weniweni:
Imeneyo ndi O-ring ya shaft ya throttle ndinanena ija. Sizifuna kuchotsa pampu, amatsegula chivundikiro chapamwamba pampu ili pa injini pomwepo. Koma iyi yokha musapange nokha ngati simunaionepo. Lever imakhala pa shaft ya timano ting'onoting'ono, usanachotse umayenera kuika chizindikiro, ukaphonya dzino limodzi idle imasokonekera, mwina osalira kapena kulira mokuwa. Mkati shaft yakoledwa ku sipuling'i ya governor, kachipangizo kolamulira liwiro la injini, ndipo screw ya mafuta imadutsa pachivundikiro chomwecho, pobwezera pamafunika kusamala kuti isapinde lever ya mkati. Amene akupangayo poliza koyamba achotse paipi ya mpweya akhale ndi kathabwa pafupi, injini ikathawa nkumathamanga yokha osalamulirika atseke mpweya ndi thabwalo, osati ndi dzanja. Ngati shaft ikugwedera m'mbali ndiye kuti bush yadyeka, O-ring yokha sikhalitsa, asinthe zonse. Ndipo asanatsegule atsuke pamwamba ponse, kamchenga kamodzi mu pampu ndi nkhani ina.

SipanalaYa17:
Poti atsegula kale asinthiretu seal ya chivundikiro, imabwera mu kit yomweyo

Mwini_Pikapu:
Ndiye ndingayende nayo kaye mpaka ndipeze wa mapampu?

Makaniko_Weniweni:
Yendani, bola muzisuzumira m'mawa uliwonse ndi dipstick yomwe. Pakayamba kutsika mzere wa dizilo m'mbali mwa pampu kapena kuvutanso kulira m'mawa ndiye musadikirenso.

Kadziwotche:
Ya petulo ija ndikadali nayo ngati mwasintha maganizo

Dalaivala_Wa_D4:
@Makaniko_Weniweni za washa zija, amasintha ya injekita imodzi yokhayo kapena zonse 4?

Makaniko_Weniweni:
Zonse. Ndipo auzeni atsitse sump aone sefa ya oyilo.